Kodi Kumwamba Kuli Makwerero?

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za misyoni, olembedwa pano cifukwa ca iwo amene mvula ndi mtunda zinawaletsa kufika.)

Mphunzitsi wa kumudzi aphunzitsa ana amene ambiri a iwo sadzakalambira kumudzi. Mnyamata amene lero akhala pa benci la kutsogolo pa sukulu ya kufupi ndi Katete kapena Petauke, zikapita zaka zitatu adzakhala m'kacipinda ka amalume ace ku Chawama, akufunafuna nchito. Mtsikana amene atsogolera nyimbo pa mapemphero a m'mawa adzakhala akugulitsa tomato ku Kanyama. Aphunzitsi adziwa zimenezi, ndipo ayesetsa kuwamangira anawo kamba wa ulendo: masamu, Cingelezi ndi ulemu. Koma pali funso limodzi limene liwadikira m'makomboni a Lusaka, ndipo ambiri afika kumeneko alibe poyambira kuliyankha.

Funsolo lifika Loweruka m'mawa pa khomo, pamodzi ndi alendo awiri aulemu, obvala bwino, odziwa Baibulo lao. Lifikanso Lamulungu, licokera m'zipinda za sukulu zimene mipingo yatsopano ibwereka, pamene zokuzira mau zitatu zipikisana pa bwalo limodzi. Liri lotere: Wamkuru ndani, Atate kapena Mwana? Mzimu Woyera ali pati? Nanga angelo, nanga mneneri amene anthu amucha papa, aimirira pa khwerero liti? Mwana amene anangoloweza mayankho a katekisimu, osamva cifukwa cace, agwa pa funso laciwiri. Ena acoka mu mpingo wa makolo ao. Ena atsala, koma ndi mtima wokayika. Ndipo ena ayamba kutaya ndalama za ufa pa khomo la munthu amene wawalonjeza kuwafikitsira pemphero kumwamba.

Mphunzitsi wina wa ku Mtendere anayesa ana ace a Giredi 7 motere. Anawauza kuti alembe pa bolodi maina a onse a kumwamba monga mwa ukuru wao. Anawo sanacedwe. Pamwamba analemba Mulungu. Pansi pace Yesu. Pansi pa Yesu Mzimu Woyera. Kenaka angelo, kenaka papa, kenaka abusa. Pa mizimu ya makolo anatsutsana kanthawi, naiika pambali. Pansi penipeni, pafupi ndi pogwera pfumbi la coko, analemba kuti anthu. Mnyamata wina anafotokoza mokondwa kuti Yesu ali ngati waciwiri kwa Pulezidenti, wogwira nchito pamene mwini ali kutali.

Anawo sanapeke okha makwerero amenewa. Anawaona kwao. Kumudzi munthu wamba sangolowa kwa mfumu. Adzera kwa nyakwawa, nyakwawa kwa nduna, ndipo pa Kulamba ku Mkaika, m'mwezi wa August, mafumu a m'maiko atatu afika pamaso pa Kalonga Gawa Undi yense pa nthawi yace. Boma la atsamunda linaonjezera makwerero ace: mesenjala, kalaliki, DC, mkuru wa cigawo, Bwanamkubwa ku Lusaka, umene unakhala likuru la dziko mu 1935, ndi pamwamba pa onse mfumu ya kutsidya kwa nyanja imene anthu anaiona pa cithunzi cokha. Makomboni ena, monga George, achedwabe ndi maina a eni malo akale, amene wosauka womanga kanyumba pa nthaka yao analankhula nao kudzera mwa kapitao. Ndipo kufikira lero wofuna malo pa msika ayamba ndi kufunsa kuti adzere mwa yani.

Pansi pa zonsezi pali nthano ya makolo ya ku Kaphirintiwa. Inena kuti Cauta anakhala pansi pano pamodzi ndi anthu ndi nyama, kufikira munthu anapeka moto natentha chire. Pamenepo Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nthanoyi iri ndi nzeru, pakuti iika mlandu wa kupatukanako pa munthu. Koma yasiya m'mitima ganizo lakuti Mulungu anacoka, ndi kuti womfuna ayenera kutuma. Mudzi, boma ndi nthano zonse pamodzi zaphunzitsa mwana cinthu cimodzi: wamkuru akhala kutali, afikidwa mwa ang'ono, ndipo pa cipata ciri conse pafunika kanthu m'manja.

Cimene Baibulo lijambula ndi mzere umodzi wopingasa. Pamwamba pa mzerewo pali Mlengi. Pansi pace pali zonse zolengedwa, kuyambira mngelo wamkuru kufikira nyerere. Deuteronomo 6:4 aphunzitsa kuti Mulungu wa Israyeli ndi mmodzi yekha, ndipo Yesaya, kuyambira mutu 40 kufikira 46, abwerezabwereza kuti palibe womlinganiza naye, palibe mnzace, palibe waciwiri wace. Dzina lace lopatulika, limene Buku Lopatulika la 1922 lilemba Yehova, ndipo Buku Loyera la 1998 lilimasulira ndi dzina la makolo lija la Cauta, siligawidwa kwa mulungu wina wamng'ono. Pakati pa Mlengi ndi colengedwa palibe khwerero la theka. Mngelo Gabrieli ndi mwana wa ku George wotunga madzi pa mpope ali mbali imodzi ya mzere. Funso lonse tsono liri ili: Yesu Kristu ali mbali iti?

Apa mphunzitsi ayenera kukhala woona mtima, pakuti alendo a Loweruka aja sanena zopeka. Mboni za Yehova ziphunzitsa kuti Mwana ndiye woyamba wa zolengedwa za Mulungu, yemweyo amene Malembo amucha Mikaeli mkuru wa angelo, ndi kuti mzimu woyera ndi mphamvu ya Mulungu yogwirira nchito. Mabuku a Watch Tower analowa kuno kale; Elliot Kamwana anawalalikira pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay mu 1908. Anthu ace abvutikira cikhulupiriro cao, ndipo akuru a ku Sinda akumbukira zikwi za Mboni zimene zinathawa ku Malawi mu 1972 ndi kukhala pa msasa wa Sinda Misale. Otere sayenera kuyankhidwa ndi cipongwe. Adzatsegula Yohane 14:28, pamene Yesu anena kuti Atate amposa. Akolose 1:15, pamene achedwa woyamba kubadwa. Marko 13:32, pamene anena kuti tsiku lomariza salidziwa. Ndi 1 Akorinto 15:28, pamene Mwana agonjera Atate. Mavesiwa alimo. Mphunzitsi amene awabisira ana ace awakonzera kugwa, pakuti tsiku limene mlendo adzawaonetsa, mwanayo adzayesa kuti sukulu inamnamiza.

Mkangano umenewu ngwakale, ndipo unayambira mu Afrika. Ca m'ma 318 wansembe wa ku Alexandria m'Aigupto, dzina lace Arius, anaphunzitsa kuti Mwana analengedwa, ndi kuti inalipo nthawi imene kunalibe Mwana. Anali wocenjera, naika ciphunzitso cace m'nyimbo zimene anthu a nchito anaimba. Mu 325 mfumu Constantine anasonkhanitsa mabishopu pafupifupi 300 ku Nicaea, ndipo iwo anagamula kuti Mwana anabadwa kwa Atate osalengedwa, ndi kuti umulungu wace ndi wa Atate ndi umodzi. Mlandu sunathere pomwepo. Athanasius, amene anakhala bishopu wa Alexandria mu 328, anapitikitsidwa pa mpando wace kasanu cifukwa ca kulimbikira cigamuloco, ndipo anamwalira mu 373, msonkhano wa ku Constantinople wa 381 usanacitsimikize ndi kuonjeza za Mzimu Woyera. Gregory wa ku Nyssa anadandaula kuti m'mzinda umenewo munthu akafunsa mtengo wa mkate, wogulitsa anamyankha za ukuru wa Atate pa Mwana. Wodziwa Soweto Market sadabwa nazo.

Cimene cinamlimbitsa Athanasius sicinali cikondi ca mau obvuta. Anaona kuti ngati Mwana ali colengedwa, ndiye kuti amene anadza ku Betelehemu anali mesenjala cabe, ndipo mwini anatsala kutali monga kale. Colengedwa sicingathe kubwezera colengedwa cinzace kwa Mulungu. Anaonanso kuti Akristu apemphera kwa Yesu kuyambira paciyambi, monga anacita Stefano poponyedwa miyala m'Macitidwe 7, ndipo ngati Yesu ali pansi pa mzere, onsewo apembedza fano. Malembo omwe amuika pamwamba. Yohane 1 anena kuti zonse zinalengedwa mwa iye, ndipo wolenga zonse sangakhale cimodzi ca zonsezo. Pa Marko 2 akhululukira macimo, alembi nazindikira msanga kuti imeneyo ndi nchito ya Mulungu yekha. Pa Yohane 20:28 Tomasi amucha Mulungu wace, ndipo Yesu samdzudzula. Paulo pa Afilipi 2 atenga ulemu umene Yesaya 45:23 aupereka kwa Yehova yekha, naupereka kwa Yesu. Za Mzimu Woyera, Petro pa Macitidwe 5 awerengera bodza la Hananiya kwa Mzimu kukhala bodza kwa Mulungu, ndipo Aefeso 4:30 acenjeza kuti Mzimu amva cisoni. Magetsi ndi mphamvu, koma palibe anawanamizapo kapena kuwamvetsa cisoni.

Kusiyana kwa kubadwa ndi kulengedwa mwana wa kumudzi akumva msanga. Mmisiri asema mtondo, ndiponso abala mwana. Mtondo ungakhale wokongola, koma ndi mtengo. Mwana angakhale wakhanda, koma ndi munthu monga atate wace. Pali cinthu cina pano cimene mabuku olembedwa kunja sacichula. Pa mwambo wa Acewa mwana salowa ufumu wa atate wace. Ulowa ndi mphwa, mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo mwini mbumba ndi malume. Comweco mwana wa Cicewa akamva kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, angathe kumva kuti ndi wokondedwa pa bwalo koma wopanda mpando. Mnzace wa Cingoni wa kwa Mpezeni amva mosiyana, pakuti kwao ufumu utsata atate. Mphunzitsi afotokoze kuti Ahebri anali monga Angoni pa cinthu cimeneci: mwana woyamba ndiye wolowa nyumba. Mau akuti woyamba kubadwa anena za udindo umenewo. Davide anali cisiriza m'nyumba ya Jese, koma Salmo 89:27 amucha woyamba. Ndipo vesi lotsatira pa Akolose 1 liika zolengedwa zonse, ndi maulamuliro osaoneka omwe, m'dzanja la Mwana.

Dongosolo liripo mwa Mulungu, ndipo palibe cifukwa ca kulikana. Atate atuma Mwana. Mwana satuma Atate. Mwana acokera kwa Atate, Mzimu atumidwa kudzacitira Mwana umboni. Koma dongosolo la kucokerana si muyeso wa ukuru. Pa Yohane 14:28 akuru a mpingo anapereka mamasulidwe awiri. Ena anati Atate aposa monga gwero, popeza Mwana abadwa kwa iye kosayamba. Augustine wa ku Hippo, Mwafrika winanso, amene anamwalira mu 430, anati Yesu analankhula pamenepo monga munthu, atabvala thupi la kapolo, usiku umene anaperekedwa. Ndipo kumva njala, kutopa ndi kusadziwa tsiku ziri mbali ya kudzicepetsa komweko. Mamasulidwe onse awiri asiya Mwana pamwamba pa mzere. Mau akuti Utatu, amene Tertullian wa ku Carthage anayamba kuwalemba m'Cilatini ca m'ma 200, mulibe m'Baibulo, ndipo mphunzitsi abvomere zimenezo asanakakamizidwe. Ndi dzina limene mpingo unaika pa zinthu zitatu zimene ziri m'Baibulo: Mulungu ndi mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu ali yense ndi Mulungu, ndipo atatuwo alankhulana ndi kukondana, sali mmodzi wosintha zobvala.

Mafanizo a m'kalasi afunika kuwagwira ngati mpeni. Mafuwa atatu ogwira mphika umodzi aonetsa umodzi wa nchito, koma pfuwa liri lonse ndi gawo cabe, pamene Mwana sali cigawo ca Mulungu. Munthu mmodzi amene ali bambo kunyumba, mphunzitsi kusukulu ndi mkuru wa mpingo Lamulungu ndi fanizo loipa koposa, pakuti munthu sapemphera kwa iye mwini monga Yesu anapemphera m'Getsemane. Nkwabwino kuuza ana kuti fanizo lafika pamene lithera, kusiyana ndi kulikoka kufikira litaduka.

Za angelo Baibulo linena zocepa kuposa zimene anthu afuna. Lichula aserafi pa Yesaya 6, akerubi pa Genesis 3 ndi Ezekieli 10, Mikaeli ndi Gabrieli m'buku la Danieli, ndipo buku la Tobiti, limene liri m'Mabaibulo a Akatolika, lionjeza Rafaeli. Magulu asanu ndi anai a angelo, oikidwa atatu atatu, anawandandalika mlembi wina wa ca m'ma 500 wodzicha Dionysius, ndipo ndi nchito ya nzeru zace. Cimene Malembo atsimikiza ndi ici: Ahebri 1:14 awacha atumiki otumidwa cifukwa ca anthu, Akolose 2:18 aletsa kuwapembedza, ndipo pa Cibvumbulutso 22, pamene Yohane anagwada pamaso pa mngelo, mngeloyo anamletsa nadzicha kapolo mnzace. Mipingo isiyana pa nkhani ya kupempha oyera mtima akufa kuti apempherere amoyo, ndipo mphunzitsi ali yense atsate ciphunzitso ca mpingo wace. Koma yonse igwirizana kuti palibe woyera mtima, mngelo kapena mzimu wa kholo umene uoloka mzere.

Coopsa ca makwerero ncakuti munthu angathe kukwerapo. Mu 1925 Tomo Nyirenda, wocokera ku Nyasaland, anafika pakati pa Alala nadzicha Mwana Lesa, ndiko kunena Mwana wa Mulungu. Anayesa anthu ufiti pa ubatizo wace, napha ambiri kuno ndi ku Katanga, kufikira ananyongedwa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1926. Amene anamtsata sanali opusa. Anali ndi mantha, ndipo anakhulupirira kuti pakati pa iwo ndi Mulungu pafunika wamphamvu. Mantha omwewo sanathe. Makamu amene anakhamukira kwa bishopu wamkuru Emmanuel Milingo kuyambira 1973 kufikira anaitanidwa ku Rome mu 1982, ofuna kumasulidwa ku mashawe, anaonetsa kukula kwa nkhawa ya mizimu m'Lusaka. Mphunzitsi asaseke nkhawa imeneyi. Mai wa ku Kalingalinga amene mwana wace adwaladwala, ndipo mwamuna wace alibe nchito, afuna cithandizo ceniceni, ndipo alipo abusa ambiri m'makomboni, a mipingo yakale ndi yatsopano, amene amthandiza mokhulupirika osamlipiritsa. Koma alipo ena amene agulitsa madzi, mafuta ndi mwai wa kuonana nao, ndipo malonda ao aima pa ganizo lija lakuti pemphero la wosauka silifika lokha.

Malembo sawapatsa otere poima. Petro anaimiritsa Korneliyo pamene anamgwadira. Paulo ndi Barnaba anang'amba zobvala zao ku Lustra pamene anthu anafuna kuwaphera ng'ombe. Simoni wa ku Samariya anadzudzulidwa kolimba poyesa kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, ndipo Gehazi anatenga khate pamodzi ndi siliva wa Namani. Pa 1 Timoteo 2:5 nkhoswe pakati pa Mulungu ndi anthu ndi imodzi, ndipo nkhosweyo ndi Mulungu mwini atasanduka mbale wao. Pa makwerero a boma wamkuru adziwika ndi kusanyamula kanthu. Pa Yohane 13 mlembi ayamba wanena kuti Yesu anadziwa kumene anacokera ndi kumene apita, ndi kuti zonse ziri m'manja mwace. Atatero asimba kuti anatenga nsaru ndi mbale ya madzi natsuka mapazi a ophunzira ace. Nthano ya Kaphirintiwa ithera pa Cauta wokwera. Uthenga Wabwino uyambira pa kutsika kwace, ndipo Aroma 8:15 apatsa wokhulupirira ali yense ufulu wa kuitana Mulungu ndi dzina limene mwana aitana nalo atate wace pa khonde.

Aphunzitsi angafune kudziwa cimene mnzao wa ku Mtendere anacita ndi bolodi lija. Sanafafanize maina. Anatenga coko nalemba mzere wopingasa, nagawira ana mavesi onse, obvuta ndi osabvuta, kuti awerenge mokweza ndi kusuntha dzina liri lonse kumene mavesiwo aliika. M'kalasimo munali ana awiri a Mboni. Anawapatsa Yohane 14:28 kuti awerenge iwo, naletsa anzao kuseka, nawalola kunena cimene aphunzitsidwa kwao. Angelo anatsika popanda mkangano. Papa anatenga nthawi, pakuti mtsikana wina anaumirira kuti amai ace anacira m'manja mwa mneneri. Mphunzitsiyo sanakane kucirako, anangofunsa kuti mneneriyo adadya nsima usiku womwewo kapena iai, ndipo dzinalo linatsika kukakhala pafupi ndi la anthu. Pamene dzina la Yesu linakwera pamwamba pa mzere, mnyamata wa fanizo la waciwiri kwa Pulezidenti uja anakweza dzanja nafunsa kuti, ngati ziri tero, amene anamva ludzu pa citsime ca Samariya anali yani. Mphunzitsiyo anampatsa coko namuuza alembenso dzinalo pansi pa mzere, osafafaniza la pamwamba, nanena kuti mabishopu anasonkhana ku Chalcedon mu 451 cifukwa ca funso lomwelo. Belu linalira asanathe kuwerenga Ahebri 2, ndipo anauza wosesa kuti bolodi alisiye lotero kufikira Lolemba.